Mngoni m'phanga la Aphoka

Nkhani ya lero ndi yaitali pang'ono, choncho pezani pokhala.

Amene ndinakuphunzitsani History mukukumbukira mmene ndinkachitira tikafika pa mutu wa Mfecane ndi kubwera kwa Angoni. Ndinkajambula nyanga za ng'ombe pa bolodi kusonyeza mmene ankhondo ankazingira mudzi mbandakucha, ndinkafotokoza za mkondo waufupi ndi chishango chachikopa, ndipo nthawi zina phazi linkangogunda lokha pansi ngati ndili pabwalo la ngoma kwathu ku Ntcheu. Ndikudziwanso kuti kumbali munkanditcha Zwangendaba, ngakhale ndinakuuzani kangapo kuti ine ndine wa kwa Gomani, osati wa kwa Jere. Dzinalo silinkandipweteka ayi. Kunena zoona, ndinkalikonda.

Mu Ogasiti 2023 ndinapita koyamba ku Livingstonia, malo amene ndinakhala ndikuwalemba pa bolodi zaka zoposa 15 osawaonapo ndi maso. Kumeneko mnyamata wina amene anasiyira sukulu Fomu 2 anandilowetsa m'phanga, ndipo kuchokera tsiku limenelo mutu wa Angoni sindiuphunzitsanso monga kale. Ndikufuna ndikufotokozereni chifukwa chake.

Tinali titapita ku Mzuzu ku ukwati wa mlamu wanga. Mwambo utatha, mnzanga wophunzitsa Geography amene tinali naye paulendowo anati, "Achimwene, tafika kale kuno ndipo holide ikadalipo. Tibwerere osaona kwa Laws?" Mayi akunyumba anatsala ndi abale awo, ife tinakwera minibasi ya ku Karonga. Tinadutsa Ekwendeni ndi Phwezi, n'kutsika chitunda cha Chiweta pamene nyanja imangotulukira mwadzidzidzi kumunsi, ndipo tinagona pa Chitimba. Masiku ano galimoto zambiri zimafika ku Livingstonia kudzera msewu wa ku Njakwa, koma ife tinkafuna msewu wakale wa Gorodi, ndipo tinkafuna kuukwera wapansi. Mwini malo amene tinagonapo anatipezera mnyamata wotiperekeza, wa zaka za m'ma 20, kwawo kumtunda komweko. Chichewa ankalankhula bwino ndithu, koma ine ankangonditcha "asambizgi", kutanthauza aphunzitsi m'Chitumbuka.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa. Msewu wa Gorodi unatha kumangidwa mu 1905. Kuchokera pa Chitimba kukafika pa mishoni ndi makilomita pafupifupi 15, makona akuthwa alipo 20, ndipo munthu amakwera mamita oposa 700 kuchokera m'mphepete mwa nyanja. Mnyamata uja sankatsata msewu wonse. Akafika pakona ankatilowetsa m'kanjira kachidule kokwera molunjika, iye ali ndi masilipasi, ine ndili ndi nsapato zanga zakusukulu zopolishidwa bwino. Tisanafike ndi pakati pomwe malaya anali atamatirira kumsana, ndipo amayi osenza mabeseni a usipa ankangotipitirira uku akutilonjera, "Monire adada." Amayiwo anandipatsa maganizo. M'manotsi anga munalembedwa kuti Laws anamanga msewu, Laws anabweretsa madzi a m'mipope, Laws anayatsa magetsi. Koma phiri limeneli analisema ndi makasu ndi mapiki ndi anthu akuda, ndipo msewu usanathe, mapaipi, malata ndi makina zinakwera pano pamitu ndi pamapewa pa anthu.

Titakhala pamwala kuti tipume, uphunzitsi unandigwira. Ndinayamba kumufotokozera mnyamatayo mbiri ya kwawo komwe. Ndinati mishoni ya Livingstonia anaiyambitsa ndi a Free Church of Scotland pokumbukira David Livingstone amene anamwalira mu 1873. Gulu loyamba analitsogolera ndi E.D. Young, linalowa m'nyanja ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875 n'kumanga ku Cape Maclear. Malungo anawasautsa, manda anachuluka kuposa obatizidwa, choncho mu 1881 anasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Kumenekonso malungo sanawasiye, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws, ali ndi Yuriya Chirwa, anasankha chitunda cha Khondowe chimene ndi chozizira bwino. Pamenepo anamanga sukulu ya Overtoun, yotchedwa dzina la munthu wachuma wa ku Scotland amene ankapereka ndalama zambiri ku mishoniyo. Zonsezi ndinazinena mosapumira, monga ndimachitira pokonzekeretsa ana mayeso a MSCE.

Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu, ngakhale zinkaonekeratu kuti zaka zimenezi amazinena yekha kwa alendo sabata iliyonse. Kenaka anafunsa, "Nanga Laws asanabwere, asambizgi, pamwamba apa pankakhala ndani?" Ndinati Atumbuka. Iye anati, "Eya, koma makamaka ife Aphoka." Dzinali ndinkalidziwa chifukwa cha khofi wa m'mapiri a Phoka. M'manotsi anga a History munalibe.

Zimene anandiuza m'njira, kuphatikiza zimene ndinawerenga nditabwerako, ndi izi. Aphoka ndi anthu olankhula Chitumbuka amene akhala kuyambira kale m'mapiri ndi m'zigwa za pakati pa Nyika ndi nyanja, m'boma la Rumphi. Ankadziwika ndi ntchito ya chitsulo. Ankakumba miyala yachitsulo, kuisungunula ndi makala m'ng'anjo zadothi, n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Zotsalira za ng'anjozo zikupezekabe m'madera a Nyika. Khasu masiku amenewo linali chuma chenicheni, munthu ankasinthanitsa ndi chakudya kapena ziweto, ndipo makasu a Aphoka ankafika kutali. Analinso akatswiri olima m'malo otsetsereka. Mpaka lero minda yawo ili m'mbali mwa mapiri, pamalo pamene ine ndingaope ngakhale kungoimapo.

Cha m'ma 9 koloko tinafika pa mathithi a Manchewe, makilomita anayi usanafike pa mishoni. Madzi amagwa mamita pafupifupi 125 kulowa m'chigwa cha nkhalango yowirira, ndipo kutsogolo, kutali, nyanja imanyezimira ngati lata latsopano. Mnzanga wa Geography anayamba zake za Rift Valley ndi kusweka kwa nthaka. Ine ndinkaganiza kuti tijambulitse zithunzi, ulendo upitirire. Koma mnyamata uja anati, "Phanga simunalione."

Kanjira kopita kuphangako ndi kotsika, kopapatiza, kodzera m'mizu ya mitengo ndi m'miyala yonyowa. Ngakhale inali nyengo yachilimwe, mame a mathithi amachititsa kuti paziterera chaka chonse. Pamalo pena kanjirako kanatsala kongokwana phazi limodzi, thanthwe mbali iyi, phompho mbali inayo. Pamenepo, abale anga, Zwangendaba wanu uja anauma. Miyendo inakana kupita kutsogolo, inakananso kubwerera. Mnyamatayo anabwerera pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Vulani nsapato, asambizgi, zimenezo ndi za m'kalasi. Musayang'ane pansi. Yang'anani phazi langa, pamene ndachotsa inu muponde." Ndinamangirira nsapato m'khosi, anandigwira dzanja ngati mwana wa Sitandade 1, ndipo tinadutsa. Titafika pabwino anawonjezera kuti, "Agogo a agogo anga ankadutsa pamenepa usiku, mwana kumsana, dengu la mawere pamutu."

Phangalo lili kuseri kwa madzi. Ukakhala mkati, madzi amagwa kutsogolo kwako ngati chinsalu, ndipo munthu amene ali kunja sangaganize kuti kumeneko kuli malo. Ndi mozizira, monyowa, ndipo ana a kalasi imodzi ya pasukulu pathu sangakwanemo. Kuti timvane tinkachita kukuwa. Mnyamatayo anati phokosolo ndi limene makolo ake ankafuna. Agogo ake anamuuza kuti mwana wakhanda akalira m'tchire adani amamva, koma akalira muno madzi amameza kulirako. Anamuuzanso kuti masana sankakoleza moto poopa utsi, ndipo amuna ankatuluka mobisa kukaona ngati nkhokwe zatsala.

Ndinafunsa kuti, "Kodi ankathawa chiyani makamaka?"

Iye anati, "Azungu akabwera timawauza kuti ogula akapolo, chifukwa ndi zimene amazidziwa, ndipo ndi zoona. Koma agogo ankatchula kwambiri Angoni."

Mnzanga wa Geography anaseka mpaka kugwira thanthwe. "Mphwanga, samala. Amene wawagwira dzanjawa ndi Mngoni."

Mnyamatayo anachita manyazi n'kupepesa. Ine ndinafulumira kumuuza kuti asadandaule, amene ankabwera kuno anali a M'mbelwa, ine ndine wa kwa Gomani, gulu lina ndithu. Anagwedeza mutu, n'kufunsa mosafuna kundinyoza ayi, "Nanga a kwa Gomaniwo, anthu sankawathawa?"

Ndinalibe choyankha, chifukwa yankho ndinkalidziwa bwino.

Tiyeni tiike zinthu m'malo mwake, poti ndife a History. Zwangendaba Jere anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Anayenda ndi anthu ake mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo anamwalira kumeneko cha mu 1848. Atamwalira, gululo linagawikana. Mpezeni anakathera ku Chipata, ena anatsala ku Tanzania, ndipo a M'mbelwa analowa m'dziko la Atumbuka cha m'ma 1855. M'mbelwa anamulonga ufumu ku Ng'onga m'chigwa cha Henga, chigwa chomwecho chimene ife tinadutsa pa minibasi dzulo lake. Ufumu wa Chikulamayembe ku Nkhamanga unagwa, ndipo sunadzukenso mpaka 1907. Kwa zaka zoposa 30 anthu a m'dera lonseli anali ndi njira zitatu: kugonja n'kukhala pansi pa Angoni, kuthawira kutali, kapena kukwera kumalo kumene gulu lankhondo silingafike mosavuta. Atonga ambiri anagwidwa, koma m'zaka za m'ma 1870 anathawa kubwerera kunyanja n'kudzimangira malinga. Ahenga anagalukira mu 1879 ndipo ambiri anathawira kwa Ankhonde ku Karonga. Atumbuka a Baza Dokowe atagalukira cha mu 1880, anazingidwa pa phiri la Hora n'kuphedwa ambiri. Aphoka anasankha mapiri awo. Anamanga tinyumba m'mbali mwa matanthwe ndipo zikavuta ankalowa m'mapanga ngati limene ndinakhalamo ine.

Za ogula akapolo mnyamata uja sananame. Mlozi anamanga malinga ake pafupi ndi Karonga, anamenyana ndi azungu a African Lakes kuyambira 1887, ndipo anapachikidwa mu Disembala 1895. Chilumba, imene azungu ankaitcha Deep Bay, inali doko lowolotsera akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, ndipo ili pafupi ndi Chitimba pamene tinagona. Choncho Aphoka anali pakati: kumtunda Angoni, kunyanja amalonda a anthu.

Tsopano za kwathu. Angoni a Maseko anawoloka Zambezi paokha, anafika mpaka ku Songea, n'kubwerera motsogoleredwa ndi Chidyaonga kudzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Kuchokera kumeneko magulu ankhondo ankapita mbali zonse. Mu 1884 ankhondo a Chikuse anawoloka Shire n'kufika kufupi ndi mishoni ya Blantyre. Achewa ambiri a m'chigawo chapakati anasiya midzi yawo n'kukakhala pamwamba pa mapiri. Amishoni a Dutch atafika ku Nkhoma mu 1896, anapeza anthu a Mazengera akukhala paphiri chifukwa cha mantha omwewa. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinkazilembanso pa bolodi, pansi pa mutu wakuti zotsatira za kubwera kwa Angoni, ndipo inu munkaziloweza: kusokonekera kwa ulimi, kugwa kwa maufumu, anthu kuthawira m'mapiri. Mfundo zitatu, malikisi atatu. Koma sindinadzifunsepo kuti mfundo yachitatuyo imatanthauza chiyani kwa mayi wa mwana kumsana, usiku, pa kanjira kamene ine ndinauma masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndili m'phangamo ndinakumbukiranso china. N'chifukwa chiyani ine Mngoni ndikulemba nkhani ino m'Chichewa? N'chifukwa chiyani Mngoni wa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, ndipo wa ku Chipata amalankhula zonga Chinsenga? Angoni amene anachoka kumwera anali ochepa. Gulu linkakula chifukwa cha anthu ogwidwa m'njira: anyamata ankasanduka ankhondo, atsikana ankasanduka akazi a m'mudzi, ndipo ana ankayamwa chilankhulo cha amayi awo. Agogo anga akuchikazi anali aNabanda. Banda si mfunda wochokera ku Zululand. Ndiye kuti penapake m'mbuyomo, m'magazi anga omwewa, muli mtsikana amene sanafike kuphanga nthawi yabwino. Zaka zonsezi ndinkaima kutsogolo kwa kalasi ngati mdzukulu wa wonyamula chishango yekha, chikhalirecho ndine mdzukulu wa onse awiri. Ndikukhulupirira kuti ambiri a inu amene mumadzitcha Angoni muli chimodzimodzi.

Tinatuluka m'phangamo, ndinavalanso nsapato, ndipo cha m'ma 12 koloko tinafika pa mishoni. Kumeneko zinthu zonse zili ndi chaka chake. Stone House, nyumba imene Laws ankakhalamo, inamangidwa mu 1903, ndipo mkati mwake muli zithunzi, makalata ndi zida zake zachipatala. Magetsi anayaka mu 1905, mphamvu yake yochokera ku madzi a mtsinje wa Manchewe womwe uja. Chipatala cha David Gordon chinatsegulidwa mu 1911. Laws anachoka mu 1927 atagwira ntchito zaka 52, ndipo anamwalira mu 1934. Mu 2003 Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite pamalopa. Sindikufuna wina aganize kuti ndikuchepetsa ntchito imeneyi. Munthu amene wakwera Gorodi wapansi amadziwa kuti kumanga zonsezi pamwamba paja sikunali masewera.

Ndiponso mishoni inathandiza kuti anthu atsike m'matanthwe. William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale amene ankamvana ndi Angoni chilankhulo, anakakhala pakati pawo ku Njuyu mu 1882 ndipo anamwalira kumeneko mu 1886, chaka chimene mafumu analola sukulu. M'mbelwa anamwalira mu 1891, nkhondo zinayamba kuzirala, ndipo mu 1904 Angoni a kumpoto analowa pansi pa boma la Angerezi popanda kumenyana. Kwathu zinali zosiyana, chifukwa Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a boma mu Okutobala 1896. Pa Overtoun ana a ankhondo ndi ana a othawa anakhala pa benchi imodzi. Levi Mumba, amene anathandiza kuyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912 ndipo anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anali wa ku Ungoni. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali Mtonga. David Kaunda, bambo wa Kenneth Kaunda, anachokeranso m'manja mwa mishoni yomweyi kupita ku Chinsali.

Amene anagwira cholembera anayamba kulemba mbiri ya kwawo. Yesaya Chibambo analemba ya Angoni, Saulos Nyirenda analemba ya Ahenga ndi ufumu wa Chikulamayembe, monganso Samuel Ntara wa ku mishoni ya Dutch analembera ya Achewa. Apa ndi pamene pali phunziro kwa ife aphunzitsi. Zolembedwa zimakonda mafumu akuluakulu, nkhondo ndi amishoni, chifukwa amenewo ndi amene anali ndi alembi. Anthu amene nzeru zawo zinali zobisala bwino, osasiya utsi kapena mapazi, sasiya zambiri m'mabuku. Mu Fomu 1 timaphunzitsa magwero a mbiri, ndipo tikafika pa nkhani zapakamwa timafulumira kutchula zofooka zake: kuiwala, kukokomeza, kukondera. Ndi zoona. Mnyamata uja sakanatha kundiuza chaka chimene makolo ake analowa m'phanga. Koma chaka ndinali nacho ine. Chimene ndinalibe ndi chimene agogo ake anasunga, chakuti madzi amameza kulira kwa mwana.

Tisanatsike anationetsa kapinga wa pafupi ndi Stone House pamene pali mawu olembedwa ndi miyala. Mu Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti zinthu zavuta m'dziko, ndege ya boma inaponya uthenga kufunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kuchotsedwa poopa anthu akuda. Azungu ndi akuda anakambirana, n'kuyala njerwa zopakidwa laimu pakapinga kuti woyendetsa ndege awerenge: Aefeso 2:14, vesi lonena za kugumulidwa kwa khoma lolekanitsa mitundu iwiri. Nkhaniyi ndinkaifotokoza m'kalasi ngati ya azungu ndi akuda. Tsiku limenelo ndinayang'ana mnyamata wa Chiphoka amene anandigwira dzanja paphompho, n'kuona kuti makoma m'dziko muno analipo ambiri azungu asanabwere.

Tinatsika Gorodi madzulo pa matola, titapanikizana ndi matumba a nyemba, ine maso ali chotseka pakona iliyonse. Potsanzikana pa Chitimba ndinamupatsa mnyamatayo zimene tinagwirizana ndi kena kapamwamba. Iye anati, "Yewo chomene, asambizgi. Mukamakaphunzitsa za Laws mukatitchuleko."

Mutu wa Angoni utafika telemu ina, ndinajambula nyanga za ng'ombe monga mwa masiku onse, chifukwa zimabwera pa mayeso. Kenaka ndinajambula mathithi ndi kaphanga kuseri kwake, n'kuwafotokozera ana za nsapato zanga m'khosi. Anaseka mpaka ena kugwetsa misozi. Atatha kuseka ndinawapatsa ntchito yoti akafunse munthu wamkulu kwambiri kwawo mafunso awiri: pa nthawi ya nkhondo zakale anthu a m'mudzi mwathu ankathawira kuti, ndipo ankathawa chiyani? Ena anabwera ndi mayina a mapiri ndi mapanga a kufupi ndi kwawo amene ankawadutsa tsiku ndi tsiku osadziwa kanthu. Mnyamata wina anati agogo ake anamukalipira, amvekere ife sitinkathawa, ankatithawa ndife. Mtsikana wina anabwera ndi pepala lopanda kanthu, ndipo anandiuza pambali kuti agogo ake anayamba akana, kenaka usiku anamuuza kuti agogo awo anabwera m'mudzimo ali kamtsikana, atagwidwa kwina, ndipo anamwalira osadziwa kwawo. Anamuuzanso kuti zimenezi sizinenedwa pagulu. Sindinamuuze kuti awerenge m'kalasi. Ndazilemba pano iye atandilola, popanda dzina.

Mnzanga wina mu sitafu rumu anandichenjeza. Anati, "Achimwene, mukudzutsa zogona. M'kalasi muli Achewa, Angoni, Ayao, Alomwe, Atumbuka. Ana ayamba kulozana zala, ndipo zimenezi sizibwera pa mayeso." Sindinamutsutse kwenikweni, chifukwa tonse tikudziwa mmene nkhani ya mitundu imatenthera m'dziko muno, makamaka zisankho zikayandikira. Ndi chifukwa chake ndimayamba ndi ine mwini, ndi agogo anga aNabanda. Ana akaona kuti mphunzitsi wawo ndi mdzukulu wa wogwira ndi wogwidwa, kuloza chala kumavuta, poti aliyense amayamba kuwerenga za kwawo. Angoni nawonso anachoka kumwera akuthawa. Ena mwa amene ankabisala m'mapiri ankagulitsanso anzawo kwa amalonda. Palibe mtundu umene unadutsa zaka za m'ma 1800 ndi manja oyera, ndipo palibe umene unadutsa wopanda mabala. Ngoma ndimavinabe, ndipo ku Nkolimbo pa Umhlangano ndimapita ndikapeza mpata. Kusiyana kwake ndi kwakuti masiku ano ndikamagunda phazi ndimadziwa kuti kugunda kumeneko kwa ena kunali chizindikiro chonyamula ana.

Aphunzitsi anzanga a History, ngati simunafikeko, yesetsani. Pitani ndi nsapato zogwira pansi, tengani madzi, ndipo pezani munthu wa konko akutsogolereni, chifukwa kanjira ka kuphanga si kolowamo wekha. Muyambe kuphanga, kenaka ku Stone House. Ngati kumpoto kwatalika, phiri la kufupi ndi sukulu yanu mwina lili ndi phanga lake, ndipo mlonda wa pasukulupo angathe kukuuzani zimene silabasi ilibe. Safunsa anadya phula.

Inu ana anga amene tsopano muli m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ku Joni, mukapita kumudzi pa Khirisimasi mukafunse mafunso awiri aja agogo akadali moyo. Mukamva kanthu mundiuzeko. M'manotsi anga a mishoni ya Livingstonia, pamwamba pa chaka cha 1894, ndinawonjezera mzere umodzi wonena kuti Laws atafika ku Khondowe anapeza Aphoka, osula makasu, amene anali atapulumutsa ana awo m'matanthwe kwa zaka zoposa 30. Lonjezo lija ndinasunga.